A Hutala ndi Tulo ta Mdzukulu Wawo

Dzina loti Hutala sanachite kulipempha. Analipata ali mnyamata, akugwira ntchito yokweza katundu pamalo oimikapo malole. Tsiku lina lole inayamba kubwerera m'mbuyo yokha, dalaivala wake ali kukamwa tiyi, ndipo kumbuyoko kunali mayi wina akutola malalanje ake amene anamwazika. Mnyamata uja anangokuwa kamodzi kuti, "Chokaniii!" Mayi uja anachoka, agalu anachoka, ngakhale anthu amene anali m'nyumba zawo anatuluka kudzaona choti achokere. Kuyambira tsiku limenelo dzina la makolo linangotsalira pa layisensi.

Atakula anakhala dalaivala wa malole a mtunda wautali, ndipo ntchitoyo inawakulitsiratu mawu. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akucheza injini ikulira sadziwa kuyankhula motsitsa. A Hutala akati anong'one, anthu a nyumba yachitatu ankayankha. Akazi awo, amene anali telala ndipo ankasokera m'chipinda cha kumaso choyang'ana kumsewu, anasiya kale kuwauza zinsinsi za makasitomala. Ankati kuuza a Hutala nkhani n'chimodzimodzi kuipereka ku wailesi.

Ana awo anayi anabadwa iwo ali paulendo. Ankachoka mayi ali woyembekezera, n'kubwerera mwana akukhala kale pansi. Ankachokanso, n'kudzapeza wamera mano. Sikuti anali bambo wouma mtima ayi. Ulendo uliwonse ankabwera ndi kanthu: nsapato zothina, zipewa zazikulu, ndi zidole zolira zimene amayi ankazichotsa mabatire lole ikangokhota pakona. Ana ankawakonda ngati mmene ana amakondera mvula ya matalala, yaphokoso, yosangalatsa, yosakhalitsa.

Maso ndi amene anawatsitsa pa chiwongolero. Adokotala atawaunika anati magetsi a galimoto zobwera kutsogolo azikawachititsa khungu, ndipo ndi bwino apume asanapumitse anthu ena. A Hutala anabwerera kunyumba ndi bokosi la masipanala, chitini cha girizi, ndi msana umene unkadandaula nthawi ya kuzizira. Pakhomo anakhala ngati kabati yatsopano imene palibe akudziwa poiika. Anakonza mpopi umene sunali wowonongeka mpaka unayamba kudontha. Anamasula fani kuti aione m'kati, ndipo poibwezera zitsulo zina zinatsala m'manja.

"Mukakhudza makina angawa," anatero akazi awo tsiku lina, sizasi ili m'manja, "mudzagona panja ndi masipanala anuwo."

Chipulumutso cha makinawo chinabwera ndi mwana wawo womaliza, mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono. Iye anabereka mwana wamkazi, ndipo tchuthi chake cha uchembere chitatsala pang'ono kutha anabwera kudzakhala kwa makolo, chifukwa mwamuna wake ankagwira ntchito yomanga msewu kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. A Hutala anali atadandaula kwa nthawi yaitali kuti m'nyumba muli zii ngati mosungira mitembo. Tsopano anaona okha kuti walira mvula walira matope.

Khandalo linali lonenepa bwino, lamasaya ngati mabanzi, loseka ndi aliyense. Vuto linali limodzi: silinkadziwa kugona. Masana likati latseka maso, munthu ukateleka madzi a tiyi, asanawire n'komwe maso ali tong'o. Usiku linkadzuka kambirimbiri moti m'mawa amayi ake sankadziwanso ngati anagona kapena anangophethira. A Hutala ndi amene analipatsa dzina.

"Uyu ndi Trafiki," anatero. "Amakuimitsa paliponse, nthawi iliyonse, popanda mlandu."

Sabata yoyamba kubwerera ku ntchito, mphunzitsi uja anathira mchere mu tiyi, namwa osazindikira. Tsiku lina anafika kusukulu atavala nsapato zosiyana, yakuda ndi yofiirira, ndipo ana a m'kalasi mwake anamusunga chinsinsi mpaka nthawi yoweruka. Madzulo ena a Hutala anamupeza patebulo atatsamira mulu wa makope, cholembera chili m'manja, akuliza kamkonono. Anaima pakhomo n'kumamuyang'ana. Anali asanamuonepo atatopa chonchi.

M'mawa mwake nkhani inakambidwa pa kadzutsa. Mtsikana wolera ana amene anamupeza anali atasiya ntchito, ponena kuti makutu akumulira.

"Amami, mungomuyang'anirako masana okha," anachonderera mphunzitsi uja. "Mkaka ndizikama, ndizisiya m'mabotolo."

"Ine?" anatero amayi ake. "Waona mulu wa mayunifolomu uli apowo? Ndiponso ine ndinalera kale anayi, ndekhandekha, wina kumsana, wina m'manja, phazi lili pa makina. Pali munthu wina pano amene sanalawepo."

Onse awiri anatembenukira kwa a Hutala, amene anali pakati pa kupaka majarini pa buledi.

"Mukundiyang'ana ine?"

"Ayi, tikuyang'ana khoma," anatero akazi awo.

A Hutala anaika mpeni pansi, nafufumitsa chifuwa. "Ine ndatsitsapo lole yodzaza simenti paphiri, mabuleki atatentha, mvula ikugwa. Ndiye kanthu aka, kolemera ngati paketi ya shuga, kandikanike?"

"Adadi, musakuwe, wangogona kumene."

Anali atachedwa. Kuchipinda Trafiki anali ataimba kale wenzulo yake.

Tsiku loyamba linawaphunzitsa ulemu. Thewera analimanga ngati akumanga tenti pa katundu, mwamphamvu mbali imodzi, mbali inayo kukhuthuka. Botolo anaperekera bwino, ndipo mwana atageya paphewa pawo anamuyamikira ngati wapambana mayeso. Koma pa nkhani ya tulo zinthu zinavuta. Nyimbo zoluluzira ana sankazidziwa. Anayesa nyimbo ya kutchalitchi, mwana analira mokweza kuposa kale. Atasowa chochita anayamba kung'ung'udza ngati injini ya lole, akuyenda m'kakhonde ka m'nyumba kuchoka kukhitchini kukafika kubafa. Akafika pokhota ankasintha giya. Trafiki anawayang'ana modabwa, kenaka zikope zinalemera, mutu n'kugwera pachifuwa cha agogo ake.

A Hutala anapita kuchipinda chosokera akuwala nkhope. Akazi awo anayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwagoneka mkazi mnzanga? Chabwino. Kamuikeni pabedi tione."

Anapita naye pa kabedi kake, nawerama pang'onopang'ono ngati akutsitsa bokosi la mazira. Msana wa mwana utangokhudza matiresi, maso tong'o, kamwa yasa. Anamunyamulanso, injini inalizidwanso, ulendo wa kukhitchini ndi kubafa unayambiranso. Pomafika madzulo anali atayenda mtunda woti akanakhala pamsewu akanafika tauni ina. Anazindikira kuti mwanayo amagona pokhapokha ali m'manja, choncho masiku otsatira ankangokhala naye pampando osagwedezeka, mkono utachita dzanzi, tiyi akuzizira patali pomwe dzanja silifika, chikhodzodzo chikuwakumbutsa zaka zawo. Ndipo ngakhale m'manjamo, tulo take tinali tomwe tija ta madzi a tiyi.

Atalingalira mozama ngati makaniko, anapeza chimene anachitcha gwero la vuto: phokoso. Anatsegula chitini chawo cha girizi napaka mahinjesi a zitseko zonse, mpaka chitseko cha kubafa chinayamba kutseguka chokha munthu ali m'kati. Anachotsa batire mu wotchi ya pakhoma. Tambala wa a neba anamukambirana mpaka anasamutsidwira kwa achibale. Anthu ogulitsa malonda oyendayenda anaphunzira kudutsa pa nyumbayo atatseka pakamwa, chifukwa pawindo pankaoneka nkhalamba yaikulu, khanda lili m'manja, ikuwatuzulira maso.

Wovuta anali wowotcherera zitsulo wa kutsidya kwa msewu, amene makina ake odulira zitsulo ankalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. A Hutala anapita kukaonana naye, Trafiki ali paphewa.

"Achimwene, ndabwera mwamtendere. Bwana wangayu akagona, inu muzipuma."

"Nanga ndizidziwa bwanji kuti wagona, madala?"

"Ndizikoloweka thaulo lofiira pawindo. Mukaliona, zimitsani. Ndikalichotsa, dulani mpaka kukhuta."

Wowotcherera uja anayang'ana khandalo, khandalo linamusekerera ndi nkhama zokhazokha, ndipo munthu wa zitsulo anasungunuka. Anavomera.

Otsala anali akazi awo. "Mayi, makina anuwo..."

"Makina angawa ndi amene akugula majarini mumapaka mbali zonse ziwiriyo."

Komabe tsiku limenelo anagonja, nati asokerera mabatani pamanja. Thaulo lofiira linakwera pawindo. Msewu wonse unangoti zii. Trafiki anagona m'manja, a Hutala anamutsitsira pa kabedi, ndipo mwa chisomo sanadzuke. Anatuluka monyang'ama, mtima ukugunda ndi chimwemwe. Chimwemwecho chinawakulira moti sakanatha kuchisunga okha. Anasuzumira pawindo, naona wowotcherera uja atakhala pa chitini akudikira, ndipo anamunong'oneza:

"WAGONA!"

Nkhunda zinauluka padenga. Wowotcherera anagwetsa ndudu yake. Kuchipinda kunamveka kulira kwa munthu amene walakwiridwa kwambiri.

Akazi awo anaseka mpaka anadzibaya ndi singano. "Mwathamangitsa tambala wosalakwa," anatero akupukuta misozi, "tambala weniweni ali m'nyumba momwe muno."

Tsiku la sikelo linafika mphunzitsi ali ndi mayeso kusukulu, amayi ake ali ndi diresi la ukwati loti litengedwe madzulo. A Hutala anavala jekete, nakoleka chikwama cha matewera chamaluwamaluwa paphewa, nanyamuka. Pa benchi ya kuchipatala anali mwamuna yekhayo pakati pa amayi ambirimbiri, ndipo amayiwo sanawachitire chifundo.

"Agogo, mwana mwaba kuti?"

"Mayi ake athawa mawuwo kapena?"

"Akalira mumuyamwitsa chiyani?"

"Ndili ndi botolo," anayankha a Hutala monyadira, ndipo makanda atatu amene anali m'tulo pa benchipo anadzuka nthawi imodzi.

Namwino anali mayi wamfupi wa mawu ofatsa. Atamuyeza Trafiki, kumuunika m'makutu ndi kumugwira pamimba, anati mwanayo ali bwinobwino ndipo akukula mokondweretsa.

"Ndiye bwanji sagona, anesi? Ine ndikuganiza kuti penapake pali waya wolumikizika molakwika."

Namwino anaseka. "Palibe waya, agogo. Tulo ta makanda timabwera m'zidutswa. Chidutswa chimodzi chikatha, mwana amayandama, amatakataka, nthawi zina amatsegula maso. Ngakhale inu mumatero, kungoti mumatembenuka n'kupitiriza. Iyeyu ndiye akuphunzira kumene kupitirizako. Amagonera kuti?"

"M'manja mwangamu. Akafa nato tulo ndimamuika pabedi."

"Tangoganizani inuyo mwagona pabedi panu, podzidzimuka mwapezeka muli pakhonde. Mungapitirize kugona?"

"Ndingaitane apolisi."

"Ndi zimene akuchitazo."

Anawafotokozera modekha. Mwana asamakhale maso nthawi yaitali mpaka kutopa kwambiri, chifukwa khanda lotopetsetsa limavuta kugona kuposa lotopa pang'ono. Aziyang'ana zizindikiro: kuyasamula, kutikita m'maso, kuyang'ana malo amodzi ndwii, kusiya kusewera. Akaziona, atseke makatani, amusinthe thewera, amuimbire kanyimbo komweko nthawi zonse, kenaka amuike pa kabedi akusinza koma asanagoneretu. Azigona chagada, pa matiresi osalala, popanda pilo kapena zidole. Ndipo iwo asamasinze naye pampando, chifukwa n'zoopsa. Za usiku anati khanda la msinkhu umenewo kudzuka kuti liyamwe si matenda, koma amayi ake asamayatse getsi lowala kapena kumuseweretsa, kuti adziwe kusiyana kwa usiku ndi usana.

"Chomaliza," anatero namwino, "akatakataka kapena kudandaula pang'ono, musamuthamangire. Dikirani kaye mumve. Akalira zenizeni, munyamuleni. Koma akamangong'ung'udza, mupatseni mpata ayese yekha."

A Hutala anabwerera kunyumba akubwereza malangizowo pamtima, mokweza, moti anthu a m'basi anafika kwawo akuwadziwa onse.

Za zizindikiro sizinawavute. Zaka zonse zija pamsewu ankayang'anitsitsa mnzawo wosinthana naye chiwongolero, kuti amulande asanagwetse lole m'ngalande. Munthu wa tulo amayamba kuphethira mochedwa, amasiya kuyankha nthabwala, amakanda khutu. Anadabwa kupeza kuti Trafiki amachita chimodzimodzi, mpaka kukanda khutu komwe. Akangoona kadzanja kakupita kukhutu ankadumpha.

"Dalaivala watopa! Tiime, tiime!"

Makatani a chipindacho anali opyapyala, choncho akazi awo, akung'ung'udza kuti palibe amene adzawalipire, anasoka ena ochindikala kuchokera ku nsalu zotsala za masuti. Tsiku limene ankawasoka ndi limene anatulukira chinthu china. Trafiki anali pa kabedi akudandaula, makina osokera anayamba kulira kuseri kwa khoma, tatatatata, osalekeza, ndipo mwana uja anatonthola n'kumamvetsera mpaka maso anatsekeka. Makina ataima, anatakataka. Atayambanso, anadekha. Zinapezeka kuti chimene chinkamudzidzimutsa si phokoso lonse ayi, koma phokoso lobwera mwadzidzidzi pakati pa bata. Kulira kosalekeza kwa makina kunkaphimba zonse, ngakhale chitsulo cha kutsidya kwa msewu.

"Ndiye mumati ndizimitse," anatero akazi awo. "Pepesani makina anga."

A Hutala anavula chipewa napepesa makinawo. Thaulo lofiira linabwerera kubafa, ndipo wowotcherera uja anaoneka ngati wakhumudwa pang'ono, chifukwa anali atazolowera kupuma.

Chimene chinawakanika ndi kudikira kuja. Kumuika pa kabedi akusinza kunkatheka tsiku lina, tsiku lina ayi. Koma chidutswa choyamba cha tulo chikatha, mwana akangoti "eeh," a Hutala anali atafika kale, atamunyamula kale, injini italira kale. Trafiki ankatsegula maso n'kupeza chinkhope cha agogo ake chili pafupi, n'kuganiza kuti nthawi yocheza yakwana.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero akazi awo.

"Nkhono silira, mayi. Uyu akadandaula, mtima wanga umachita ngati wapondedwa ndi tayala."

Amene anawaphunzitsa kudikira ndi msana wawo. Tsiku lina masana, kunja kukuzizira, anamuika Trafiki pa kabedi ndipo anagona bwinobwino. Pofuna kuti mwanayo asawaone akutuluka, a Hutala anali atayamba chizolowezi chotuluka chokwawa, chifukwa mawondo awo akaimirira msanga ankalira ngati nkhuni zouma. Anagwada, naika manja pansi, nayamba ulendo wopita kuchitseko. Ali pakati pa chipinda, chinthu china chinangoti khwa m'chiuno. Anayesa kupita kutsogolo, zinakanika. Anayesa kubwerera, zinakanika. Anatsitsa thupi pang'onopang'ono mpaka anagona cham'mbali pa kapeti, nkhope itayang'ana miyendo ya kabedi ndi sokosi imodzi yaing'ono imene inasowa kalekale.

Kuitana sakanatha. Ankawadziwa mawu awo. Anangogona pomwepo akumvetsera makina a akazi awo kuseri kwa khoma.

Patapita nthawi ija ya madzi a tiyi, kabedi kanagwedezeka. "Eeh," anatero Trafiki. Mwachizolowezi a Hutala anafuna kudzambatuka, koma msana unawakumbutsa mwaukali. "Eeh, eeh." Timiyendo tinamenya matiresi. Thukuta linawatuluka a Hutala. Kudzera m'mipata ya kabedi ankaona kadzanja kakupalasa m'mwamba, kakugwira khutu, kakusochera, kenaka kakupeza pakamwa. Kunamveka kutsopa. Kudandaula kunachepa, kunasanduka kung'ung'udza kotsika, kofanana ndithu ndi injini ya lole ili patali. Kenaka phee.

A Hutala anatsala kukamwa kuli yasa. Kanthu kaja kanali katadzigoneka kokha, iwo ali gone pansi ngati thumba la makala.

Makina ataima, chitseko chopakidwa girizi chija chinatseguka mwakachetechete. Akazi awo anasuzumira, naona mwana ali m'tulo, naona amuna awo ali pansi. A Hutala analoza msana ndi chala, nakwinya nkhope. Mayi aja anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka, natuluka kukasekera kukhitchini. Pobwera anali ndi pilo, botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu, ndi siketi yoti apinde m'mphepete. Anawaika pilo kumutu, botolo pamsana, nakhala pansi pambali pawo atatsamira khoma.

"Kukudzutsani pano n'kudzutsa mwana," ananong'ona. "Mukhala pomwepo mpaka adzuke yekha. Ndipo musayankhe. Mukangotsegula pakamwa, zonse zawonongeka."

A Hutala anaphethira kusonyeza kuti amva.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira tsiku loti ndiyankhule inu muli chete," anatero mayi aja akulowetsa ulusi pa singano. "Mulungu sachedwa."

Ndipo anayankhula, motsitsa, singano ikulowa ndi kutuluka. Anawauza kuti fani ija anaitaya. Anawauza kuti jekete limene amalikonda lija limawaonetsa ngati wotchi ya pakhoma. Kenaka anayamba za ana. Woyamba ankagona ngati mwala, moti ankachita kumutsina kuti aone ngati ali moyo. Wachiwiri sankagona popanda kugwira khutu la amayi ake. Wachitatu ankadzuka kukada n'kumaseka yekha. Koma womalizayu, mphunzitsiyu, ndiye anali Trafiki weniweni.

"Ndinkayenda naye m'kakhonde komweka, kukhitchini, kubafa, kukhitchini, kubafa. Ndikamva lole ikudutsa kumsewu waukulu ndinkamuuza kuti, imva, adadi ako awo akubwera kudzakunyamula. Imadutsa. Tsiku lina ndinasoka mkono wa malaya pa khosi, mwini wake n'kubwera kudzayesa." Anaseka pang'ono. "Sindikukuimbani mlandu ayi. Ana anadya, anaphunzira. Kungoti mukabwera munkapeza onse osamba, ogona, inu n'kumati, koma ndiye ana anga ndi ofatsa."

A Hutala anafuna kunena kanthu. Mawu anafika pakhosi, aakulu ngati nthawi zonse, ndipo anawameza. Anatambasula dzanja nagwira chala cha kuphazi cha akazi awo, chifukwa ndi pokhapo pamene ankafikira.

"Siyani phazi langa, mukundigirigisha," ananong'ona mayi aja, koma phazilo sanalichotse.

Trafiki anagona tsiku limenelo mpaka siketi inatha kupindidwa, ina inayambidwa, dzuwa linasuntha pa makatani. Mphunzitsi pobwera ku ntchito anapeza nyumba ili chete, nathamangira kuchipinda cha mwana. Atatsegula chitseko anapeza makolo ake ali pansi, mwana wake akungodzuka kumene, akudziwongola, masaya ali ndi mizere ya tulo, akumwetulira denga.

"Chachitika n'chiyani kuno?"

"Adadi ako aphunzira kulera mwana," anatero amayi ake. "Kaitane wowotcherera uja adzatithandize kuwanyamula."

Msana unatenga masiku angapo kuti ukhululuke, ndipo a Hutala analera ali pampando wowongoka, akulamula ngati kapitawo. Koma phunziro linalowa. Mwana akati "eeh," ankagwira mwendo wa tebulo n'kudikira. Nthawi zina kudandaulako kunkakula kukhala kulira kwenikweni, ndipo ankamunyamula mosazengereza. Nthawi zambiri kadzanja kankapeza pakamwa, tulo n'kupitirira.

Usiku sunasinthe tsiku limodzi. Mphunzitsi anayamba kuyamwitsa mu kuwala kochepa, osayankhula, osaseweretsa, ndipo naye anaphunzira kumvetsera kaye asanadzuke. Kudzuka kunachepa pang'onopang'ono. A Hutala, amene thupi lawo linazolowera kunyamuka kusanache, anatenga gawo la m'mawa: Trafiki akadzuka mbalame zikuyamba kulira, ankamutenga kupita naye kukhitchini kuti amayi ake abwezere tulo. Kumeneko ankamufotokozera, ndi mawu amene iwo ankawaona ngati otsika, kusiyana kwa dizilo ndi petulo. M'mawa wina mphunzitsi anatulukira kukhitchini akuthamanga, tsitsi lili nyankhalala, malaya atanyowa ndi mkaka.

"Mwana ali kuti? Sanandidzutse! Adadi, sanandidzutse!"

"Ali pano, akumwa nane tiyi ndi maso. Wayamwa kamodzi kokha usiku wonse, wayiwala?"

Mphunzitsi uja anakhala pampando n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anati walota maloto athunthu, oyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo anali atayiwala kuti maloto amakhala ndi mathero.

Sabata yotsatira mano awiri anayamba kutuluka, ndipo zonse zinasokonekera. Trafiki anabwerera pa ntchito yake yoimitsa anthu, dovu likuyenderera, akuluma chala cha aliyense. Mkamwini atabwera kudzaona banja lake anafika ndi maganizo ambiri a mmene mwana amagonekedwera, ndipo a Hutala anamupatsa khandalo mwaulemu, nakakhala panja. Pasanapite nthawi mkamwini anatuluka malaya ali ndi masanzi paphewa, nafunsa modzichepetsa kuti injini ija imalizidwa bwanji. Mano atatuluka, tulo tinabwerera, ngakhale sitinali tofanana tsiku lililonse.

Ku sikelo a Hutala anakhala munthu wodziwika. Amayi a pa benchi anasiya kuwafunsa kumene anaba mwana, n'kuyamba kuwasungira malo. Wina akadandaula kuti wake sagona, ankamufunsa mafunso ngati makaniko wofufuza galimoto, ndipo pomaliza ankamutumiza kwa namwino, ponena kuti iwo ndi kondakitala chabe.

Madzulo ena, Trafiki atayamba kukwawa ndi kukoka ulusi m'chipinda chosokera, foni ya a Hutala inalira. Anali mwana wawo wachiwiri, wokhala kutali. Anacheza za msana, za mvula, kenaka mnyamatayo anatsokomola.

"Adadi, apongozi anu, akazi angawa, anapita kukaunikidwa lero. Adokotala akuti ndi mapasa."

A Hutala anakhala chete, chinthu chimene mwana wawoyo anali asanachimvepo.

"Adadi? Mukundimva? Achemwali akuti inuyo nkhani ya ana mumaitha. Timaganiza kuti akabadwa mubwere mudzakhale nafe miyezi ingapo."

A Hutala anayang'ana akazi awo, amene anali atamva zonse ndipo ankaluma mlomo kuti asaseke. Anayang'ana Trafiki, amene anali ndi tepi yoyezera m'kamwa.

"Awiri nthawi imodzi?"

"Eya, adadi."

"Uyambiretu kugula makatani ochindikala," anatero a Hutala. "Ndipo pansi pa chipindacho uikepo kapeti yofewa."